Agulugufe Akuda a m'Bango la Bua

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Saidi, mlongo wawo wa amayi, anapita kukaona miono yawo ya nsomba pa mtsinje wa Bua osabwerako. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amuna anasaka ndi mabwato mpaka pamene mtsinjewo umathirira m'nyanja, koma sanapeze ngakhale chipewa. Amayi sankafuna kumva za maliro. Ankati mlongo wawo ndi woyendayenda, mwina wakwera minibasi ya ku Dwangwa kukafuna ganyu ya nzimbe.

Ine, chibwana, mtima unali pa agulugufe ena akuluakulu, akuda bii, a mzere wobiriwira wowala wodutsa pamapiko. Amalume omwewo ndiwo anandiuza kuti kwawo ndi m'nkhalango ya kumtunda, kunyanja kuno amangotsika potsata mtsinje. Ankauluka mwaliwiro, mmodzimmodzi, ndipo ndinali ndisanagwirepo n'kamodzi komwe.

Tsiku lina tikuchokera kudimba, dzuwa lili paliwombo, ndinawaona m'bango. Anali mulu, atathinana pamatope, mapiko akunjenjemera, mizere ija ikuthwanima. Kunalibe mphepo, mbalame zonse zili zii. Ndinatula dengu n'kuyamba kunyang'ama, dzanja lili patsogolo.

Amayi anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ima pomwepo, Asiyatu."

"Ndingogwirako mmodzi, amayi."

"Ukuonapo duwa pamenepo?"

Panalibe duwa. Kenaka fungo la chinthu chowola linandipeza.

"Amenewa akaunjikana chotere ndiye kuti pali chimene akuyamwa," anatero amayi, mawu ali pansipansi. "Ng'ona imabisa nyama yake m'bango. Thamanga ukaitane abambo ako. Usacheuke."

Ndinacheuka. Amayi anali atagwada patali ndi madzi, atadziphimba kumaso ndi mpango, ndipo gulugufe mmodzi ankawazungulira pamutu. Tsiku lomwelo amuna anakaika m'manda amalume, kapena ndinene zimene ng'ona inasiya.

Lero ndimakhala ku Benga, ndipo agulugufe omwewo amabwera pamtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Ana anga amakuwa, "Amayi, taonani kukongola!" Ndimavomera, ndi okongoladi, ndipo sindidana nawo, poti ndiwo anatibwezera amalume. Koma chichokere tsiku lija, chinthu chikandikopa maso, ndisanatambasule dzanja ndimayamba ndaona pamene chatera.