Lole ya ababa ndaiona ku Limbe

Mwaswera bwanji nonse.

Abale, lole ya malemu ababa ija ikuyenda! Ndaiona ndi maso angawa masanawa ku Limbe. Ndimadikira minibasi ya ku Chigumula, dzuwa likuswa mtengo, ndangomva hutala ija yolira ngati ng'ombe. Ndacheuka msangamsanga.

Akuyendetsa ndi a Yohane, asuweni athu aja anaitenga maliro atangotha, amvekere katundu wa malume ndi wa mphwake. Paja ife tinangoseka, eti ndi chitsulo chakufa, angoikoka. Lero aipenta, matayala atsopano, yadzaza mchenga mpaka pamwamba.

Koma chandiwawa si penti ayi. Mukukumbuka giya ija inkatuluka yokha pachitunda, ababa n'kumati, "Esnati, gwira apa, usasiye"? Ndakula ndikugwira giya imeneyo ine, pampando wapakati. Lero pampando wangapo pakhala akazi awo a Yohane, dzanja lili pagiya pomwepo, akumwetulira ngati anabadwira momwemo.

A Yohane atandiona aimika, n'kukuwa pawindo anthu onse akumva: "Asuweni! Kwerani kumbuyoko, tikakutsitseni kwanu."

Kumbuyo. Pamchenga. Ine mwana wa mwini lole!

Ndayankha kuti zikomo, ndikudikira munthu. Munthu wake uti? Ndaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa, utsi wa lole yathu uli m'mphuno.

Achimwene a Limbani, inu amene munati loleyo ingopita chifukwa ikudzaza malo pakhomo, tandiuzani: mukanakhala inu, mukanakwera?