Moto Wopanda Mphika

Anthu ofufuza abwera kwathu kuno ku Likoswe mpaka ine ndinasiya kuwawerenga. Awa za nkhuni, awa za makala, awa akufuna kudziwa kuti mitengo ya m'phiri amaiyang'anira ndani. Mafunso omwewomwewo, kusiyana malaya okha. Amayi anga ankangoti akaona mlendo wa chikwama, kupukuta manja m'chitenje, kutulutsa mpando, mayankho ali kale pakamwa.

Koma amene sindiwaiwala ndi achemwali ena a ku yunivesite. Iwo anabwera pa kabaza, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anati akulemba buku la digiri yawo, lofufuza ngati anthu osauka akupindula kapena akungopanikizika ndi nkhani imeneyi yoti tisiye nkhuni. Chaka chapitacho bungwe lina linali litagawa mbaula zadothi, zija amati sizitha nkhuni. Ndiye achemwaliwo anamangirira kachitsulo kakang'ono, ngati bokosi la machesi, pambali pa mbaula m'nyumba khumi. Yathu inali imodzi. Anawerenga pepala lawo, ananena momveka kuti iwo sagawa kanthu, tiziphika mmene timaphikira masiku onse, kachitsuloko adzabwera kudzakamasula pakatha miyezi itatu.

Zoti sagawa kanthuzo palibe anazimva. Ndipo wolakwa ndine, ndivomere. Sabata yomweyo ndinali nditaona pa foni kuti kwinakwake anthu ogwiritsa mbaula zoterezi analandira magetsi a sola. Osawerenga n'komwe mpaka kumapeto, ndinangoponya pa gulupu ya mudzi. Pofika madzulo nkhani inali itakula: amene kachitsulo kake kadzanene zabwino, sola ndi yake.

Vuto linali loti mbaula yathuyo sitinkaphikirapo. Inkakhala pakona, nkhuku n'kumaikiramo. Pakhomo pathu tilipo asanu ndi awiri, mphika wathu ndi waukulu, ukauika pambaulapo umapendama. Kalongonda, nyemba zolimba zija, amafuna moto wa tsiku lonse, ndiye ndani angakhale pansi kumaduladula timitengo n'kumasonkhezera kamodzikamodzi? Amayi ankaphika pa mafuwa basi.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma foni ndiye sukulu yanga. Ndinakajambula kachitsuloko, kufufuza, kufufuza, bandulo mpaka kutha, ndinakapeza! Ndinathamangira kukhitchini.

"Amayi, kameneka sikaona! Kalibe maso. Kamangomva kutentha basi!"

"Ndiye?"

"Ndiye muzingoyatsamo moto. Mphika ayi. Mamawa, masana, madzulo. Iko kazilemba kuti mwaphika."

Amayi anati, "Iwe, moto wopanda mphika? Anthu adzati ndapenga."

"Adzati mwapenga muli ndi getsi m'nyumba."

Azakhali anga, amene amakhala kuseri kwathu, anaseka mpaka kugwira chipupa. "Alamu, mwana wanuyu foni ija sikuti amangoonerapo mpira, eti!" Tsiku lomwelo nzeru yanga inazungulira nyumba khumi zonse. Ndinkayenda ngati ndapambana mayeso.

Kuno nkhuni si zoseweretsa. Tikakolola timasunga mapesi, zisononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo mayi aliyense amadziwa m'mutu mwake kuti mulu wakewo umufikitsa mvula. Tsopano pakhomo pathu pankayaka moto uwiri. Wina wophikira anthu, wina wophikira kachitsulo. Mulu wa amayi unatha mwezi wachiwiri usanathe.

Anayamba kupita kuphiri. Amayi anga bondo lakumanja linawavuta kalekale, kuchipatala cha mishoni anawauza kuti asamasenze zolemera. Ankanyamuka mamawa ndi azakhali, kubwera dzuwa lili paliwombo. Ine ndinapita nawo kawiri kokha, kenako ndinayamba kupeza zifukwa. Tsiku lina anafika pakhomo n'kungoima, mtolo uli pamutu, osatha kuwerama kuti atule. Anandiitana. Nditawatula ndinaona bondolo, litatupa ngati papaya. Anakhala pansi pang'ono, n'kufunsa kuti nthawi ili bwanji. Nditawauza anakwawira kukhitchini kukayatsa mbaula ija.

Achemwali a ku yunivesite aja anabwera kamodzi pakati kudzatenga zimene tizitsulo talemba. Atabwerera ananditumizira uthenga, popeza nambala yanga anali nayo. Chithunzi cha mizere yokwera ndi kutsika, pansi pake atalemba kuti, "Mudzi wanu wandisangalatsa, palibe tsiku limene mwadumphitsa." Ndinayang'ana mizereyo. Phiri lililonse pamenepo linali mtolo wa amayi.

Ndinayamba kuwerenga zolemba za anthu ofufuzawa, Chingelezi chake cholimba, mawu ena kuchita kufunsa foni yomweyo. Ndinamvapo chimodzi: zimene amalembazi zimakafika kwa anthu amene amakonza malamulo ndi mapulojekiti. Akakawerenga kuti ku Likoswe mbaula zayenda bwino, adzabweretsa zina zomwezo, mphika wathu uzipendamabe. Ndinauza amayi kuti tisiye. Anakana.

"Ndavutika miyezi iwiri, ndisiye lero kuti anzanga alandire ine ndizionerera? Unayambitsa ndiwe. Khala chete."

Ndinakhaladi chete, ine amene sindikhala chete. Mwezi wathunthu.

Tsiku lomasula tizitsulo, achemwaliwo anakhala pakhonde pathu, kope lili pamwendo, akumwetulira. Anafunsa amayi kuti mbaula ikuwathandiza bwanji. Amayi anayamba nyimbo yawo ija, yoti utsi unachepa, nkhuni sizikutha. Akulankhula choncho mwendo atautambasula, chifukwa sunkapindika.

Pakamwa panga panangotseguka pokha. "Asisi, pepani. Simunaphikidwe kanthu mmenemo. Ngakhale tiyi."

"Iwe!" anatero amayi.

Koma ndinali nditayamba, ndipo ine ndikayamba sindiima. Ndinanena zonse, za gulupu, za sola, za moto uwiri, za kuphiri. Achemwaliwo anasiya kulemba. Anafunsa kuti, "Nyumba zonse khumi?" Ndinati zonse. Anavula magalasi, n'kutikita m'maso. Miyezi itatu ya ntchito yawo, maulendo onse aja a kabaza. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe, anangooneka otopa ngati ifeyo.

Amayi ndi amene anayamba kulankhula, mawu ali pansi. "Mwanangu, musandifufute dzina chifukwa cha mwana wopanda mwamboyu."

"Mayi, kulibe dzina loti ndifufute. Kulibe sola. Ine ndine mwana wa sukulu chabe, ndinanena tsiku loyamba lija."

"Onse amanena choncho," anatero amayi. "Kenako umangomva anzako alandira."

Achemwaliwo anatsegula tsamba lina, n'kupempha kuti amayi awaonetse mmene amaphikira zenizeni. Amayi anati bondo likupweteka, sangadzuke. Anawalozera khitchini ndi chibwano kuti akadzionere okha mafuwa. Anakalowadi, anayeza mphika wathu ndi chingwe, anafunsa kuti kalongonda amatenga maola angati. Amayi ankayankha ali panja, mawu amodziamodzi.

Mlendo atapita, azakhali anabwera kudzanditukwana, ndipo anali ndi chifukwa. Amayi sananditukwane. Anangondiuza kuti nkhuni zotsala zitifikitsa Lachinayi, ndipo iwo kuphiri sapitanso, miyendo yabwino pakhomo pano ili ndi ine.

Lachitatu mamawa ndinatenga chikwanje ndi chingwe. Foni ndinaisiya pa tchaja kwa ometa, chifukwa kuphiriko netiweki kulibe.