Tsiku Limene a Faustina Anakwera Lole

A Levison Mphepo a ku Wimbe anayendetsa malole kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Poyamba ankanyamula mabelo a fodya kuchokera m'maesiteti, koma maesiteti ambiri atagwa, boma n'kuyamba kugawa makuponi, ntchito yawo yaikulu inakhala yotuta feteleza kupita naye m'madepoti a kumidzi. Nyengo yake inali yowawa: Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, misewu ili fumbi lokhalokha. Ankachoka Lolemba, kubwera Loweruka, msana utauma gwa.

Komabe akafika pakhomo sankadandaula. Ankakhala pakhonde n'kumafotokozera akazi awo, a Faustina, za zakudya za m'njira: kanyenya wa mbuzi wa pa Nkhamenya, chindongwa cha Atumbuka chimene ankati chimaposa thobwa lililonse, mphalabungu zotchedwa matondo ndi uchi wa ku Chisemphere. Ankadziwanso mbiri ya malo. Phiri lililonse anali nalo ndi nkhani yake, komwe makolo ankathawira nkhondo ya Angoni, komwe ankasungunulira chitsulo, komwe kunali esiteti ya mzungu wakutiwakuti. A Faustina, amene moyo wawo wonse sanapitirirepo pa boma la Kasungu, ankamvetsera akusenda mtedza.

Chilimwe cha 2009 maso a a Levison anayamba kuchita chifunga, ndipo anadziwa kuti chiwongolero atsala pang'ono kuchisiya. Ndi pomwe akazi awo anapempha.

"Bambo a Mwavi, munditengeko ulendo umodzi wokha. Ndikadye nawo zomwe mumadyazo, ndikaonenso kumene anabadwira mayi anga."

Mayi awo a Faustina anali a mudzi wina wa kufupi ndi Chisemphere, umene anthu ake anasamutsidwa kalekale kuti malowo akhale osungirako nyama zakutchire. A Levison anayesa kuzemba, amvekere fumbi, amvekere mabampu, koma mwini lole atavomera, nawonso analola.

Ananyamuka mmawa Lachiwiri, matumba mazana atatu ali kumbuyo. Kutsogoloko kunkatentha ngati mu uvuni. A Faustina anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, koma asanafike n'komwe pa msewu wa tala chinali chitafiira. Njira yonse a Levison ankaloza uku ndi uku. Apa panali zigafa makumi anayi, apa panali nkhalango. A Faustina akayang'ana ankangoona zitsa ndi mizere youma yodikira mvula.

Pa Nkhamenya anapeza mzere wa anthu utazungulira depoti, ena atafika dzulo lake, makuponi atawamanga m'nsonga za zitenje. Kutsitsa matumba kunatenga maola atatu. Atatha, a Faustina anati, "Tiyeni tsopano kwa kanyenya uja."

A Levison anawatsogolera mwamphwayi kuseri kwa magolosale, komwe mayi wina wonenepa, a Fainala, ankagulitsa zakudya pansi pa mtengo wa mango. Mayiyo atawaona anaseka.

"Monile adada! Lero mwabwera ndi amama? Ndikupatseni chimanga chanu chija?"

"Ayi, lero tidya nyama," anatero a Levison, maso ali pansi.

"Nyama? Inu?" A Fainala anatembenukira kwa a Faustina. "Amama, zaka zonsezi abambo awa sanalawepo nyama yanga. Amangotenga chimanga chokazinga ndi madzi, n'kukagona pansi pa lole. Amati zabwino zikadyedwe kunyumba ndi ana."

A Faustina anayang'ana amuna awo. Anakumbukira nyama ya Loweruka lililonse, yokulungidwa m'nyuzipepala, imene amuna awo ankakana kudyako ati akhuta kale m'njira. Analandira kanyenyayo, anatafuna. Anali wolimba, mchere wambiri. Anakankhira mbale kwa amuna awo.

"Idyani."

"Mano anga sangathe, mayi a Mwavi."

"Ndati idyani."

A Levison anadya tizidutswa tiwiri, pang'onopang'ono, mbali imodzi ya kamwa.

Dzuwa litapendeka analowera njira ya ku Chisemphere, lole ili yopepuka, ikudumpha pa bampu lililonse. Kenako a Faustina anafunsa, "Nanga za mapiri zija, za Angoni, nazonso munkapeka?"

"Zimenezo ayi. Ndinkazimva kwa akuluakulu a pamzere. Munthu akadikira feteleza tsiku lonse amakuuza chilichonse chimene akudziwa."

Ku Chisemphere matondo anali asanayambe, uchi unali utatha. Anafunsa za mudzi wa mayi awo, koma ambiri sanaudziwe dzina. Pomaliza mkulu wina wosoka nsapato, a Yobu, anawaperekeza wapansi mpaka pa malire a nkhalango ya nyama. Analoza mitengo inayi ya mango imene inaima patali pakati pa tchire.

"Mango samera okha m'thengo. Pamenepo ndiye panali mudzi. Kuloledwa kulowa n'kovuta, ndipo njovu zili pafupi masiku ano."

A Faustina anaima ataphimba maso ndi dzanja kuopa dzuwa. Ankayembekezera kuti alira, koma misozi sinabwere. Miyendo inali itatupa, kukhosi kutauma. Anatchula dzina la mayi awo kamodzi, motsitsa, n'kunena kuti, "Basi, ndaona. Tiyeni."

Pobwerera a Faustina anagona tulo, mutu ukugunda pa chitseko. A Levison anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, akutsinzinira kuti aone maenje.

Anagwira ntchito nyengo imodzi yokha pambuyo pake. Tsiku lina anatsala pang'ono kugunda ngolo imene sanaione, ndipo madzulo omwewo anakapereka okha makiyi. Chaka chotsatira dzina lawo linatuluka pa makuponi. Anayenda wapansi kupita ku depoti, akazi awo atawagwira pamkono, nakaima pamzere pamodzi ndi anzawo kuyambira mmawa. Lole inafika cha m'ma 3 koloko. Woyendetsa wake anatsika, anadziwongola msana, anafunsa ngati pali amene ali ndi madzi akumwa. A Levison anamupatsa botolo lawo, n'kubwerera pamalo pawo.