Mbira sidya yokha

Sabata ino ndalowerera malonda a eni pa msika wa Tsangano. Bambo wina wa chipewa chatsopano amanenerera mtengo wa mbira imodzi yoti akapatse mwana wake. Ine ndinangopita kukagula kabichi, koma pakamwa pangapa sipamva. "Bambo, tengani ziwiri," ndinatero. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa ngati wogulitsayo ndi mlongo wanga.

Si mlongo wanga ayi. Kungoti ine ndi mbira tinadziwana kale, nthawi ya nkhondo.

Masiku amenewo ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene, sikola yotseka, khanda kumsana. Mwamuna wanga anakwera koluna, magalimoto aja oyenda mondondozana ndi asilikali, kupita ku Furancungo. Sanafike, ndipo sanabwerere. Maliro opanda mtembo sachedwa kutha. Anthu anabwera, anapepesa, anasiya ufa ndi nyemba pakhomo, aliyense n'kubwerera kukasamala mantha ake. Sindiwaimba mlandu. Ndani anali ndi mtima wapadera wogawira mnzake?

M'khitchini ndinali ndi mbira ziwiri. Ng'ombe zinali zitapita ndi amfuti, atambala tinapha tokha kuti angatiulule pobisala, koma mbira zinkalowa m'dengu n'kuthawa nafe. Nyengo yozizira itafika, yamawangamawanga inafa. Yotsalayo inalowa m'mphika wosweka n'kukhala phee. Kale ikangomva udzu kuti tswaa, inkalira kwii kwii mpaka anansi kumva. Tsopano zii. Ndinaipatsa kholowa, masamba a kabichi, madeya, koma osanunkhiza n'komwe.

Ndinkaikalipira: "Idya, chitsiru iwe, ufatu!" Chonsecho mbale yanga yomwe inali youma. Chakudya chinkakana kutsika pakhosi. Mkaka unayamba kuuma m'mawere, ndipo mwana wanga Luwiza ankayamwa n'kusiya, n'kumalira mopanda mawu. Ndinkaona ndi maso angawa kuti mwana akutha, koma mphamvu yodzikakamiza ndinalibe.

Kenaka kunabwera a Nangozo, mayi wachikulire amene anathawa wapansi kuchokera ku Macanga. Anthu ankawapewa, paja wochokera kutchire kwa zigawenga ankakayikiridwa kuti ndi kazitape. Kwawo anali ndi khola lodzaza ng'ombe, koma kuno anafika ndi dengu ndi mbira imodzi yakuda.

"Odi, amake Luwiza! Ndamva kuti kuno kwatsala mbira yamasiye. Yanganso njamasiye."

"Yangayi ndi yaikazi, amayi. Yanuyo ndi yaimuna?"

"Yaikazinso."

"Nanga zidzaswana bwanji?"

"Ii, amake mwana! Kodi kukhala awiri n'kuswana basi?"

Sanangoiponya m'khitchini. Anaimika lichero pakati kuti ziyambe zanunkhizana, n'kuunjika udzu wouma mame mbali zonse, poti wamame umatupitsa mimba. Poyamba zinakukutirana mano ngati akazi a mitala. Koma yakudayo inali ndi njala ya paulendo, inangoyamba kubudula udzu osapuma. Lichero litachotsedwa, yanga inasuzumira, inaona pakamwa pa inzake pakugwedera, inatuluka n'kuilanda udzu kukamwa komweko.

Ndinawomba m'manja kuthokoza mphatso. Anandidula.

"Sindinakupatseni ayi, ndangoigoneka kuno. Imeneyi imadya za m'manja mwanga mokha, ndiye ndizibwera."

Bodza lamkunkhuniza! Mbira ija inkadya za aliyense, ngakhale mphasa yanga inaibudula. Koma dzuwa likafika paliwombo, a Nangozo awo, dengu la udzu pamutu. Pansi pa udzuwo pankakhala kambale ka kachewere wophika.

"Ine ndikamadya ndekha ndimatsamwa," ankatero akusenda. "Tandithandizani."

Mungamukanire bwanji wamkulu? Ndinadya mmodzi mwaulemu chabe. Mawa lake awiri. Sankandifunsa za malemu, sankandilalikira kuti ndilimbe mtima. Ankangotafuna pamaso panga, akunyoza kachewere wa kwathu kuno kuti ngwamadzi. Mkaka unabwerera. Luwiza lero ndi mayi wa ana ake, ndipo akaseka mpando umadandaula.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Anaiwala kufunsa kanyamako. Nakonso sikafuna kukhala kokha.

Ndiye ndimadabwa nafe anthu a masiku ano, amene tili pamtendere. Pamaliro timadzaza bwalo, timayimba mpaka mawu kusasa, ufa ndi nkhuni timatuta mosaumira. Zabwino ndithu. Koma tikangosesa pakhomo, basi, tathana nazo. Namfedwa timamusiyira thumba la ufa ngati vuto lake linali ufa. Tikakumana naye panjira timati, "Mwaondatu, muzidya," n'kupitiriza ulendo. Ndi mmene inenso ndinkalangizira mbira yanga, ndipo mwamva nokha kuti malangizowo sanaidyetse.

Nkhondo itatha, a Nangozo anabwerera ku Macanga. Mbira yakuda anaisiya, anati yazolowera. Sindinawaonenso. Koma ndikamuona Luwiza, mtima wanga umagwada. Ndimathokoza mayi amene anthu ankamupewa, amene anaona njala yanga n'kunamizira mbira kuti ndisachite manyazi. Zikomo, a Nangozo, kulikonse kumene muli.

Bambo wa chipewa uja anagula imodzi yomweyo, n'kuchoka akupukusa mutu. Ndamukhululukira, akaiona ikukana udzu adzabwerera yekha kumsika. Nkhawa yanga ili pa inu owerenga. Pamudzi panupo pali khomo limene munapepesa mwezi watha. Masana ano, namfedwayo akudya ndi yani?