Manja Anga Atasiya Kumva Moto

Zinayamba ngati chinthu chonyadira, anthuni! Chaka chotsatira njala yaikulu ija ndinali khukhi kwa mzungu wina wa fodya kufupi ndi Balaka. Tsiku lina ndinatulutsa chitini cha buledi mu uvuni ndi manja okhaokha, kansalu nditaiwala. Ndinachiika patebulo bwinobwino, osamva kanthu. Ndinangoona dona, mkazi wa bwanayo, atatong'ola maso.

Kuphika sindinaphunzire kusukulu iyayi, ndinkangoonera ena. Buledi ndinkafufumitsa ndi madzi a mbatata osasitsa m'botolo, kukanda mpaka asiye kumata m'manja. Uvuni wankhuni sukuuza kuti watentha bwanji, umalowetsa mkono n'kumva wekha. Ndiye miyezi imeneyo makeke anayamba kundipserera, chifukwa mkono unkandinamiza kuti moto ngwochepa. Pamkonopo panali banga loyererako, losayabwa, losatuluka thukuta. Ndinati n'chipere basi.

Dona anasandutsa zimenezi sewero. Alendo akabwera kudzamwa tiyi, ankandiitanira pakhonde chitini chotentha chili m'manja. Mzungu wina anandigwiritsa khala lamoto, onse kuseka, kuwomba m'manja! Madzulo matuza ankaphulika, osapweteka ngakhale pang'ono.

Mvula itayamba, chilonda cha pachala chinayamba kununkha. Mlendo wina, amene kale anali namwino, anayang'anitsitsa banga lija n'kunong'oneza dona. Eee! Tsiku lomwelo buledi yense anakwiriridwa, ngakhale agalu sanapatsidwe. Mbale anaziwiritsa, malaya anga antchito anawanyamula ndi ndodo n'kukawatentha. Palibe anandiuza dzina la matendawo. Ndinalimva kwa mlonda pachipata, ataima patali: khate.

Kwathu ku Nsanama anandimangira kachisakasa kumapeto kwa munda. Chakudya ankandisiyira pamwala, m'phale. Mkazi wanga anabwerera kwawo osatsazika. Amalume ananditemera mphini thupi lonse, chilonda n'kumangokula. Chilimwe chonse chinatha choncho, mpaka achemwali anga aakulu, a Esitere, anatopa nazo. Ananditenga kupita kuchipatala cha akhate cha amishoni. Tinayenda wapansi, chifukwa woyendetsa lole atangoona dzanja langa anatithamangitsa.

Kumeneko sisitere ananditseka maso ndi nsalu n'kumandikhudza ndi thonje. "Mukamva, lozani," anatero. Kumaso ndinaloza, pamsana ndinaloza. M'manja sindinaloze. Atandimasula anati, "Mwachedwa bambo, koma simunachedweretu."

Moyo wakumeneko unali wodikira. M'mamawa tinkandanda pamzere, dzuwa kutipeza pomwepo mpaka kutiwotcha pamutu. Poyamba ankatibaya jekeseni wa mafuta olemera, wotupitsa, woti sukhala pansi tsiku limenelo. Pambuyo pake kunabwera timapiritsi toyera. Titangoyamba kumwa ndinadwala malungo, mfundo zonse kuwawa, ndinaganiza kuti kwatha. Sisitere anangoti, "Musasiye." Sindinasiye. Madzulo aliwonse tinkaviika manja m'madzi, kuwapaka mafuta, kufufuza zilonda ndi maso poti khungu silikuuza. Dokotala ankabwera mwa apo ndi apo. Ulendo wina anayang'ana dzanja langa lamanzere nati fupa lawola. Anadula zala ziwiri. Matenda okha sakanazidya, anatero, chinazidya ndi moto umene ndinkagwira.

Ndinakhalako zaka zitatu. Achemwali okha ndiwo ankabwera kudzandiona, atanyamula nthochi. Nditayamba kupeza bwino ndinkathandiza kukhitchini ya odwala, ndipo n'kumene ndinapeza njira yoyesera moto popanda mkono. Umawaza kaufa pachitsulo. Kakafiira pang'onopang'ono, lowetsa. Kakada msanga, dikira.

Lero banga linazimirira, zilonda zinapola, dokotala anati sindingapatsire munthu. Mapiritsi ndimamwabe. Dzanzi m'manja silinachoke, ndipo sindigwira mphika wopanda chiguduli chokhuthala. Ndinayesa kufuna ntchito ya ukhukhi ku Balaka konse, ngakhale kwa amwenye. Amayamba ayang'ana zala, kenako chitseko.

Ndiye ndimaphika chigumu kuseri kwa nyumba ya achemwali. Mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zofinyafinya, kamchere, kasoda, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Chimatuluka chofiirira, chonunkhira, anthuni! Achemwali amakagulitsa kusiteshoni ya sitima n'kumati aphika okha. Tsiku lina mnansi wathu anaulula pagulu kuti wophika ndine. Mayi wina amene ankadya analavula, n'kudzilowetsa chala kukhosi pamaso pa achemwali, dengu lonse mayiyo analitayira m'fumbi. Tinadikira mwezi kuti anthu aiwale. Pano amagulitsa kwa apaulendo okha, pawindo la sitima, anthu osatidziwa.

Ndiye inu ophika, inu amayi apamafuwa, ndikupempheni. Mukaona banga losamva kutsina, kapena mwapsa koma osamva ululu, musati ndinu olimba. Musadikire mphini, musadikire fungo. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, mankhwala alipo ndipo amachiza. Amene anafika msanga tinkawaona akutuluka ndi zala zawo zonse, akubwerera kuntchito popanda wodziwa. Ine ndinachira ndithu, koma chakudya changa chimadyedwa m'dzina la munthu wina.