Botolo la katemera wa chikuku

Anthu a kumtunda kwa mtsinje wa Domasi ankanditchula kuti adokotala, ndipo ine sindinkakana. Udokotala wangawo unali wa maphunziro a masabata owerengeka, malaya abuluu amene anasuluka chaka choyamba chomwe, ndi njinga yakapalasa imene tcheni chake chinkagwa ngati ndinachilakwira. Ntchito yanga inali ya sikelo: kuyeza ana, kuwapatsa katemera, ndi kukalipira amayi otaya makhadi. Kukalipirako ndiye ndinkakutha kuposa zonse.

Katemera ankabwera pa galimoto kuchokera ku boma, galimotoyo ikakhala ndi mafuta. Tinkamusunga mufiriji ya parafini pa kachipatala kathu ka pa Songani. Tsiku lopita kumidzi ndinkaika timabotolo m'kabokosi ka ayisi, n'kukamanga pa kaliyala ndi mphira. Kuchoka pa Songani unkapalasa pang'ono, kenako njira inkayamba kukwera ndipo njinga imene inakunyamula umayamba kuinyamula ndiwe. Mudzi wotsiriza unali m'tsinde mwa phiri la Malosa, kutsidya kwa mtsinje, ndipo tinkawolokera pa mlatho wa mitengo. Kumeneko ndinkapitako kamodzi pa mwezi.

Katemera wa chikuku anali ndi vuto lake. Botolo limodzi linali la ana khumi, ndipo ukalisungunula linkayenera kutha tsiku lomwelo, wotsala unkangomutaya. Mwezi wina ndinatsegulira ana awiri okha. Nditabwerera, asisitala, namwino amene ankatiyang'anira, anandiyalutsa pamaso pa amayi oyembekezera.

"Kodi inu mumaona ngati katemerayu timatunga pa mjigo? Mufiriji mwatsala mabotolo atatu, galimoto sitikudziwa ibwera liti. Mawa kukabwera ana ambiri muwabaya chiyani, madzi?"

Zinandiwawa kwambiri, makamaka chifukwa sanali kunama. Kuyambira pamenepo ndinatsatira lamulo limene silinalembedwe paliponse koma tonse tinkalidziwa: ana akachepa, botolo silitsegulidwa.

Mu Disembala chaka chimenecho ndinafika kumudzi uja mvula itangoyamba kumene. Anthu anali kumunda, ndiye pa sikelo panabwera amayi owerengeka. Ndili pafupi kumasula sikelo pa nthambi ya mango pamene ndinaipachika, panafika mayi wina wachitsikana akuthamanga, matope mpaka m'mawondo. Kumsana kunali mwana wake woyamba, wamkazi, wonenepa bwino, wa maso akuthwa. Ndikumuyeza anandilanda bolopeni n'kuyamba kuiluma. Khadi lake linali m'kajumbo ka shuga, loyera, lopanda ndi dontho lomwe la phala. Mayi ngati ameneyu ndinkamufuna m'mudzi uliwonse.

"Adokotala, lero ndi ya chikuku," anatero. "Wakwana miyezi naini. Munalemba nokha apa."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mwana wofunika katemera wa chikuku anali yekhayo. Botolo linalimo m'kabokosi, pafupi ndi phazi langa. Ndinamva mawu a asisitala m'makutu mwanga, ndipo ndinachita ulesi kufotokozera mayi wa kumudzi nkhani ya ana khumi. Ndinasankha njira yachidule.

"Pepani mayi, wa chikuku watha. Mudzabwere mwezi wamawa."

"Chabwino adokotala, zikomo."

Anagwada pang'ono, anabweza khadi m'kajumbo kake, n'kubwerera kumunda. Kunena zoona, tsiku limenelo mtima sunanditsutse ngakhale pang'ono. Ndinatsetsereka phiri ndikuimba mluzu, ndikudziona kuti ndine wantchito wosamala katundu wa boma.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Januwale ndinafika pa mtsinje n'kupeza mlatho wapita ndi madzi. Ndinaima pagombe kanthawi, n'kutembenuza njinga. Mu Febuluwale parafini anatha, ndipo katemera yense anamutengera ku boma kuti asawonongeke. Kumudzi kuja ndinakafikako mu Malichi, madzi atachepa, nditasenza njinga paphewa powoloka.

Pansi pa mango paja panali zii. Mayi mmodzi yekha ndiye anabwera, ndipo anandiuza monong'ona kuti m'mudzi mwalowa chikuku, ana ali m'nyumba. Ndinafunsa za mwana wolanda bolopeni uja. Anangondilozera nyumba ndi mlomo.

Kwathu kuno mwana wa chikuku ankabisidwa. Sankamutulutsa panja, sankamusambitsa, ndipo kuchipatala ndiye ayi, chifukwa ankati jakisoni amabweza nsungu m'kati mwana n'kufa. Maso akamatirira, ankamudonthezera madzi a masamba. Ndinapeza bambo wa mwanayo ali pakhomo, munthu wofatsa amene ndinkamuona akuimba kwaya. Anandipatsa moni mwaulemu, koma pachitseko sanasunthe.

"Chikuku sabaya, adokotala. Komanso ine pano ndine mkamwini. Mwini mbumba ndi amalume a mwanayu, apita ku Songani. Tidikire abwere."

Ndinamukankha n'kulowa. M'nyumba munali mdima ndi fungo la utsi. Mwana anagona pamiyendo ya amake, wotentha, akupuma mobanika, milomo itang'ambika. Kunenepa konse kuja kunali kutapita. Maso anali atatsekeka ndi mafinya, ndipo nditakanula chikope chimodzi ndinaona choyera pamene panayenera kukhala pakuda.

Ndinalalata mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinawatcha mbuli. Ndinati amalumewo akabwera adzapeza maliro, ndipo adzakumbe okha manda poti ndi eni mbumba. Ndinauza bamboyo kuti kuimba kwaya kulibe ntchito ngati munthu ukupha mwana wako ndi manja ako. Anangowerama. Lero ndikudziwa chimene chinandikweza mawu chonchija. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinkafuna wina woti asenze mlanduwo ndisanaufikire ndekha.

Mayi uja sanadikire amalume. Anabereka mwana, anafunda chitenje, n'kunditsatira. Pa mtsinje ndinawolotsa njinga, n'kubwerera kudzamugwira dzanja. Potsetsereka anakhala pa kaliyala, kabokosi ka katemera ndinakakoleka pa handulo. Tcheni chinagwa kawiri. Pa msewu tinadikira mpaka panaima lole ya chimanga, ndipo inawatenga kupita ku chipatala chachikulu ku Zomba.

Mwana anachira. Maso ndiwo sanachire. Limodzi linafa ndithu, linalo linkangosiyanitsa usana ndi mdima.

Kwa asisitala ndinanena kuti kumtunda kwabuka chikuku, basi. Galimoto inapezeka sabata yomweyo, ndi mafuta omwe, ndipo tinabaya ana a midzi yonse ya kumeneko, mabotolo kutsegula osawerenga. Zinandipsetsa mtima kuona kuti zinthu zimapezeka ana akayamba kudwala. Koma mkwiyo umenewo sunandichotsere kanthu. Boma silinaime pansi pa mango tsiku lija, ndinaimapo ndine.

Nthawi yokolola itatha, ndili pa sikelo kumudzi komweko, mayi uja anabwera. Mwana anali kumsana, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera chinachake chakutali. M'khwapa mwa amake munali nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo ndi luzi. Anadikira mpaka nditamaliza ana onse, kenako anagwada patsogolo panga amayi anzake akuona.

"Adokotala, tilibe chokuthokozerani, koma landirani kankhukuka. Pakanapanda inu bwenzi titaika mwanayu m'manda. Amalume ake akuti ndikupepeseni."

"Ayi mayi, ndi ntchito yanga. Nkhukuyo kadyetseni mwana."

"Musatikanire. Ine ndimawauza anzangawa kuti inu munayesetsa. Katemera akatha ku boma, inu mungatani? Simupanga ndinu."

Amayi ena anavomereza. Mwana atamva mawu anga anatambasula dzanja, akufufuza m'malere, mpaka anagwira kolala ya malaya anga. Mpata wonena unali pamenepo. Anali mawu ochepa chabe, akuti botolo linalipo. Ndinatsegula pakamwa, ndinayang'ana amayi onse aja amene ndinkafuna kuti mwezi wamawa adzabwerenso ndi ana awo, ndipo ndinadziuza kuti ndikanena adzasiya kukhulupirira sikelo. Mwina zinali zoona. Koma chachikulu chinali chakuti ndinkaopa nkhope ya mayiyo.

Ndinalandira nkhuku ndi manja awiri.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga anaimasula pa kaliyala, anaikweza m'mwamba kuti amve kulemera kwake, n'kuseka.

"Lero ndiye mwabwera ngati munthu. Mwawachitira chiyani anthu akumtundawo?"

"Ndinathandiza mwana wina," ndinatero.

Anakondwa, n'kupita kukatereka madzi ososolera nkhukuyo.