Tsiku limene mkazi wanga sanacheuke

Kuchokera ku Chintheche mpaka pa Nkhata Bay palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Ndinkanena zimenezi poyera, ngakhale pamaliro. Ndimagula mpunga ku Limphasa ndi usipa kwa asodzi a ku Bandawe n'kukagulitsa kumtunda, ndipo chida changa chachikulu ndi mkazi wanga. Ine ndimanyoza katundu, iye amakwinya nkhope n'kunena kuti, "Ada, tiyeni tizipita," basi n'kuyamba ulendo. Ine pambuyo, monyinyirika. Tisanafike patali wogulitsa amatiitana, mtengo watsika. Seweroli latidyetsa zaka zambiri.

Mfuti ndinayamba kuifuna anyamata awiri a zikwanje atandiimitsa masanasana ndili pa njinga yamoto, pamsewu wodutsa m'mitengo ya labala. Anatenga chikwama, foni ndi nsapato, n'kundisiyira chipsera pamkono. Chipseracho chinapola msanga. Mantha ndiwo anakana kuchoka. Ndikamva tchire likugwedera, ndinkawonjezera liwiro.

Ndinamva kuti mkulu wina wa alonda pa loji ina cha ku Makuzi, amene kale anali msilikali, akupuma ntchito kubwerera kwawo ku Dedza, ndipo ali ndi mfuti ziwiri za m'manja, za mapepala. Ndinauza mkazi wanga kuti avale chitenje chabwino, tili ndi ntchito. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Chinthu chimenecho ndi ine sitigona nyumba imodzi." Ndinamuyamikira kuti wayambiratu kukonzekera.

Mkuluyo anatilandira pakhonde, n'kuyala mfuti zija pa kansalu. Ina inali yonenepa pakati, ya kagudumu kolowetsamo zipolopolo. Inayo inali yaphwatalala, yakuda bii.

"Munagwirapo mfuti, achimwene?" anandifunsa.

"Kangapo," ndinatero. Ndinkanena ya mpira, legeni imene ndinkaphera mbalame ndili mwana.

Anandifotokozera mosathamanga. Yagudumuyo, akuti, ndi ya ophunzira: ilibe zambiri zoti uiwale, koma ndi yolemera. Yaphwatalalayo imabisika m'jekete, koma imafuna munthu wodekha manja. Anawonjeza kuti ngakhale titamvana lero, mfuti ikhala kwa iye mpaka apolisi atandifufuza n'kundipatsa chilolezo, ndiponso mpaka nditaphunzira kuombera. Zimenezo ndinazimva ndi khutu limodzi. Maso anga anali kale pa ntchito yofuna chilema.

Ndinanyamula yagudumu ija monga ndimanyamulira nsomba ya batala pagombe. Ndinaitembenuza, ndinaikanda ndi chikhadabo, ndinainunkhiza. Ndinasuzumira m'kamwa mwake ndi diso limodzi.

"Dzimbiri ili, bwana. Imeneyi inamenya nawo nkhondo iti? Onani, ama, onani nokha."

Pomuonetsapo mkazi wanga ndinamulozetsa pachifuwa, chala changa chili pokhethemulira.

Mkulu uja sanakuwe. Anangogwira mpope wake n'kuutsitsa pansi, pang'onopang'ono, kenaka n'kundichotsa chala.

"Mulibe chipolopolo, eti?" ndinafunsa ndikuseka.

"Mulibe. Koma aliyense amene anaombera mnzake mwangozi ananenanso choncho."

Mkazi wanga anaimirira n'kumanga chitenje. "Ada, tiyeni tizipita."

Mawu ake ankanjenjemera, m'maso muli misozi. Mumtima ndinati, mayi uyu lero wadziposa. Ndinaika mfuti pansi, ndinapukusa mutu, n'kuuza mkuluyo kuti pamtengo umenewo bola ndigule galu. Ndinayamba kumutsatira mkazi wanga ndi kayendedwe kathu kaja, khutu lili kumbuyo.

Titafika pamtengo wa mango wa pachipata, mawu anabwera.

"Achimwene! Tabwerani. Tengani pamtengo mwanenawo, ndikuphunzitsaninso ndekha ndisanapite. Mukapanda kuphunzira mudzapha munthu."

Mtengo umene ndinatchulawo unali wachipongwe, woyambira chabe. Palibe tsiku lina limene ndinagwetsapo munthu chotero. Ndinamwetulira n'kutsokomola kawiri, chomwe ndi chizindikiro chathu choti nsomba yadya nyambo, tibwerere.

Sanacheuke.

Ndinatsokomolanso, mpaka kukhosi kuwawa. Iye anangopitirira, kudutsa amayi amene ankayanika chinangwa pathandala, n'kukafika pamphambano. Kumeneko sanakhotere kwathu ku Chintheche. Analowera njira ya ku Bandawe, kwa makolo ake.

Ndinaima pachipata paja kanthawi. Kumbuyo kuli mfuti yotchipa, kutsogolo chitenje chikunka chichepa. Mkulu uja anaitananso kachiwiri. Wogulitsa akaitana kachiwiri ndiye kuti ukhoza kumutsitsanso, ndipo ndivomere kuti maganizo amenewo anandifikira. Kenaka ndinathamanga. Munthu wamkulu, mimba patsogolo, amayi a chinangwa aja akuseka kuti, "Ada, mwaba chiyani?"

Ndinamupeza pafupi ndi tchalitchi. Anandiyang'ana mkono wa chipsera uja, osati kumaso.

"Akuba aja anakusiyani wamoyo," anatero. "Inu mukadandisiya?"



Mfuti sindinagule. Masiku ano ku Limphasa timapita anthu anayi pa lole imodzi, ndipo tikafika m'mitengo ya labala muja ndimakhalabe chete mpaka titatulukamo. Seweroli tinalisiya, chifukwa mkazi wanga akati tizipita sindidziwanso ngati akunena zoona, ndiye ndimangopita. Mpunga ndikugula modula kuposa kale.

Mkulu uja anatsika mtengo, ine ndinabwerera chimanjamanja, mkazi wanga amagonabe kwathu. Inuyo mukaona, pakhonde paja anapambana ndani?